Momwe mungatchere network analyzer musanayeze intermodulation

Amisiri a wailesi kuno ku Nkhotakota ndi ku Salima amalidziwa vutoli: siginolo ziwiri zikalowa mu amplifier (chida chokuzira siginolo) imodzi, zimabala zina zimene palibe anaziitana. Imeneyo ndiyo intermodulation. Mukalowetsa 100.0 MHz ndi 100.1 MHz, zosafunikazo zimatulukira pa 99.9 ndi 100.2 MHz, pafupi kwambiri moti fyuluta singazichotse. Pa FM nkhaniyi si yamasewera, chifukwa kungodutsa 108 MHz mwalowa m'mafunde a ndege, ndipo aliyense ayenera kukhala pa mafunde amene bungwe la MACRA lidampatsa.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti makina oyezera siginolo, otchedwa network analyzer, nawonso amabala zinyalala zomwezi. Mukapanda kuwatchera bwino, mudzataya amplifier yosalakwa.

Yambani ndi kuyatsa analyzer, muisiye itenthe kwa mphindi zosachepera 30. Kutentha kwa kunyanja kuno kumasintha kwambiri pakati pa m'mawa ndi masana, makamaka mu Okutobala, ndiye mukatchera mamawa n'kudzayeza dzuwa lili paliwombo, manambala sagwirizana. Magetsi akathima pakati pa ntchito, yambiraninso.

Ikutentha choncho, yang'anani makonekita. Apa ndimachedwapo dala. Chinyontho cha kunyanja chimasiya dzimbiri ndi tinthu tobiriwira m'kati mwa konekita, ndipo konekita yadzimbiri kapena yokhwepa imapanga intermodulation yakeyake popanda amplifier n'komwe. Pukutani ndi isopropyl alcohol, muyang'ane kapini ka pakati ngati sikanapindike. Pomanga, zungulitsani nati yokha, osati kebulo yonse, ndipo pulayala ikhale kutali.

Tsopano kutchera kwenikweni. Ikani mafunde amene mukufuna kuyeza, aphatikizepo 99.9 ndi 100.2 MHz zija. Kumapeto kwa makebulo, pomwe amplifier idzalowe, lumikizani tizida totcherera: short (kogunditsa mawaya), open (kosiya mawaya osalumikiza), kenako load ya 50 ohm, pomaliza thru yolumikiza makebulo awiriwo. Mukasintha kebulo ngakhale imodzi pambuyo pake, ntchito yonseyi yapita m'madzi.

Pa intermodulation izi zokha sizikwana, pamafunikanso kutchera mphamvu. Siginolo ziwirizo zimakumana mu combiner, chida choziphatikiza kuti zidutse mu kebulo imodzi, choncho ikani power meter potulukira pake, muyeze imodzi inayo itazimitsidwa, mpaka zifanane. Chifukwa chake n'chakuti mukakweza zonse ziwiri ndi 1 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mphamvu), zosafunikazo zimakwera ndi 3 dB. Kulakwitsa pang'ono polowera kumakula katatu potulukira. Mukatero tcherani mbali yolandira ya analyzer ndi mphamvu yodziwikayo. Amene ali ndi NanoVNA, analyzer yaing'ono yogwira m'manja, adziwe kuti imatulutsa siginolo imodzi yokha: imathandiza kuona mphamvu yotayika m'kebulo, koma muyeso uwu umafuna magwero awiri a siginolo.

Musanalumikize amplifier, yezani ndi thru yokha siginolo zonse zili zoyaka. Chimene chaoneka pa 99.9 ndi 100.2 MHz n'cha zida zanu zomwe. Chikakhala chachikulu, mwina magwero awiriwo akulowerana kudzera mu combiner. Ikani attenuator (chochepetsera mphamvu) kapena isolator (choletsa siginolo kubwerera m'mbuyo) potulukira pa gwero lililonse.

Lumikizani amplifier tsopano, koma potulukira pake pakhale attenuator yokwana mphamvu yake, apo ayi muotcha analyzer ya ndalama zambiri. Werengani kusiyana kwa siginolo yeniyeni ndi yosafunika. Onjezerani attenuator ya 10 dB polowera analyzer, muwerengenso. Kusiyanako kukakhala chimodzimodzi, mukuyezadi amplifier. Kukakula, ndiye kuti analyzer inali kudzazidwa n'kumabala zake. Pitirizani kuonjezera mpaka nambala ikhazikike.

Tinene kuti siginolo iliyonse ikutuluka mu amplifier pa +10 dBm (dBm ndi muyeso wa mphamvu ya siginolo), zosafunika zili pa -40 dBm. Kusiyana ndi 50 dB. Tengani theka lake, 25, muphatikize ndi 10: IP3 ya amplifier yanu, nambala yosonyeza mmene imapewera intermodulation, ndi +35 dBm. Lembani nambalayi m'kope pamodzi ndi mphamvu yolowera, mafunde onse awiri ndi nthawi imene munayeza, kuti mukadzabwereza nthawi ya dzinja mudzakhale ndi chofananitsira.