Momwe mungadziwire ngati filimu yoseketsa ya apolisi ndi zigawenga ndi yoyenera ana anu

Makolo ambiri akaona nkhope ya Martin Lawrence kapena Jackie Chan pa TV, mtima umakhala m'malo. Amati ndi zoseketsa basi, ana aonere, iwo n'kukagona. Koma mafilimu osakaniza nthabwala ndi umbanda ndi amene amapusitsa kwambiri. Zinthu zimene kholo likanazimitsira TV msangamsanga zimadutsa bwinobwino poti aliyense m'nyumba akuseka. Nazi njira zodziwira zomwe zili mkati mwana asanayambe kuonera.

Choyamba, pezani dzina lenileni la filimuyo ndi chaka chake

Mafilimu ambiri amafika pakhomo pa fulashi kapena pa foni, dzina litasinthidwa kale ndi amene anawaikamo. Yang'anani poyambira pomwe dzina limatuluka, kapena funsani mwanayo. Chaka n'chofunika chifukwa mafilimuwa amabwera m'magawo. Mwachitsanzo, mafilimu a Bad Boys, momwe muli Martin Lawrence, alipo anayi: a 1995, 2003, 2020 ndi 2024, ndipo sakufanana kukula kwa zomwe akuonetsa.

Chachiwiri, werengani chizindikiro cha msinkhu

Mafilimu a ku America amapatsidwa zilembo. G ndi ya aliyense, PG ikulangiza kholo kuti liunike kaye chifukwa zina sizingayenere ana, PG-13 ikuchenjeza kuti zina sizoyenera mwana wosakwana zaka 13, pomwe R ikutanthauza kuti wosakwana zaka 17 salowa m'nyumba yoonetsera kanema popanda kholo kapena womuyang'anira wamkulu. Rush Hour ya 1998 ndi PG-13. Bad Boys onse anayi ndi R, ngakhale kuti ana ambiri amawadziwa pamtima.

Ngati mumaonera pa DStv kapena GOtv, dinani batani la chidziwitso pa rimoti. Mudzaona nambala monga 13, 16 kapena 18, ndi zilembo pambali pake. V ndi zachiwawa, L ndi kutukwana, S ndi zogonana, N ndi umaliseche. Zilembozi n'zothandiza kuposa nambala, chifukwa 16 ya L yokha ndi yosiyana kutalitali ndi 16 yokhala ndi V, S ndi N pamodzi.

Chachitatu, werengani zomwe ena analemba za filimuyo

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Lembani pa Google dzina la filimu ndi mawu akuti Parents Guide, ndipo mudzafika pa tsamba la IMDb. Pamenepo zinthu anazigawa pasanu: zogonana ndi umaliseche, chiwawa ndi magazi, kutukwana, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, komanso zoopsa. Gawo lililonse limanena ngati zilimo pang'ono, pakatikati kapena kwambiri, kenako limafotokoza chochitika chimodzichimodzi. Tsamba la Common Sense Media limachitanso chimodzimodzi, n'kuwonjezera msinkhu womwe akuona kuti ndi woyenera. Zonsezi zili m'Chingerezi, koma sizidya bandulo yambiri.

Tengani Bad Boys II ya 2003. Nkhani yake ndi ya apolisi awiri a mumzinda wa Miami ku America amene akusaka mkulu wozembetsa mapiritsi ozunguza bongo, ndipo njira yake yozembetsera ndi kuwabisa m'mitembo. Pali pomwe mitembo ikugwa m'galimoto pamsewu n'kumapondedwa ndi magalimoto ena, ndipo anakonza kuti woonera aseke. Pali pomwe apolisiwo akufufuza m'nyumba yosungira mitembo, mtembo wa mayi uli mbulanda, nthabwala zikupitirira. Wapolisi mmodzi amameza mapiritsiwo mwangozi, n'kuyamba kuchita zoseketsa pamaso pa bwana wake. Kutukwana ndiye kosawerengeka, kwa maola pafupifupi awiri ndi theka. Kwa ife amene timavula chipewa maliro akamadutsa, zamitembozo si nkhani yaing'ono, ndipo chilembo cha R pachokha sichikanakuuzani zimenezi.

Chachinayi, dzifunseni kuti nthabwalayo ikuseka chiyani

Mwana satengera kuwombera mfuti, chifukwa mfutiyo alibe. Amatengera mawu ndi kachitidwe komwe kasekesa anthu. Mu Rush Hour, yomwe ambiri timaiona ngati yofewa, muli pomwe Jackie Chan amabwereza mawu onyoza anthu akuda omwe wamva mnzake akunena, ndewu n'kubuka. Mwana wa sitandade 5 adzakanena mawu omwewo kusukulu mawa lake. Nkhani ya filimuyi yagonanso pa kubedwa kwa kamtsikana, komwe kumapeto amakaveka chovala cha mabomba. Mwana wamkulu sizimugwira mtima, koma wazaka 7 akhoza kusowa tulo.

Ine ndimaona kuti zamankhwala ozunguza bongo zochitidwa mwanthabwala n'zoopsa kuposa magazi. Magazi amaopseza mwana. Munthu woledzera ndi mapiritsi amene aliyense akumuseka mwachikondi samuopseza konse.

Mukakayika, thamangitsani filimuyo nokha ana atagona. Mphindi 15 zikwana: onani poyambira, malo ochepa pakati, ndi kumapeto.

Chachisanu, samalani ndi mafilimu otanthauziridwa m'Chichewa

Zizindikiro zonse zija zinaperekedwa pa filimu yoyambirira. Anyamata otanthauzira mafilimu amaika nthabwala zawo, nthawi zina amafewetsa kutukwana, nthawi zina amawonjezera zawo zomwe mwana amazimva bwino kuposa Chingerezi cha ku Miami. Palibe tsamba la pa intaneti lomwe lingakuuzeni zomwe wotanthauzirayo wanena. Apa mumvetsere nokha basi.

Chachisanu ndi chimodzi, tsekani pomwe mungathe

Pa dikoda pali malo oikira malire a msinkhu. Nambala yachinsinsi yomwe imabwera ndi dikoda ya DStv ndi 1234, ndipo ana amaidziwa, choncho isintheni. Pa Netflix tsegulani mbali ya ana payokha, yanu muitseke ndi nambala. Mafilimu osungidwa pa fulashi ndi pa foni alibe loko wa mtundu uwu, nanji vidiyo shoo ya pamsika komwe mwana amangolipira pakhomo n'kulowa. Kumeneko chomwe chingathandize ndi kumufunsa zomwe waonera.

Mukapeza kuti waonera kale

Musayambe ndi kukalipa, apo ayi ulendo wina adzabisa. Mufunseni pomwe panamuseketsa kwambiri, ndipo yankho lake lidzakuuzani zomwe watolamo. Akatchula za mapiritsi zija, muuzeni zomwe mankhwala otere amachita m'thupi la munthu weniweni. Akabwereza mawu otukwana, muuzeni tanthauzo lake mosapsatira, chifukwa kawirikawiri amakhala asakulidziwa. Wachinyamata wazaka 15 kapena 16 mukhoza kuonera naye limodzi zina mwa izi, rimoti ili m'manja mwanu, koma azing'ono ake akhale atagona kapena muwasakire filimu ina ya PG.