Momwe mungasankhire servo yamphamvu ya chiwongolero cha kagalimoto ka remoti kokwera miyala

Pa galimoto ya mawaya, imene ambiri a ife tinakula tikuyendetsa m'tinjira ta fumbi ta ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mphamvu yokhotetsa matayala imachokera m'dzanja la mwana amene wagwira waya wautali wa chiwongolero. Pa kagalimoto ka remoti kokwera miyala, kamene eni masewerowa amakatcha crawler, ntchito ya dzanja limenelo imagwiridwa ndi kabokosi kotchedwa servo. M'kati mwake muli mota, magiya ndi kabolodi ka magetsi, ndipo pamwamba pake pali kamkono kamene kamakankha kapena kukoka ndodo yopita ku matayala akutsogolo. Pa tigalimoto ta liwiro servo sivutika kwenikweni, chifukwa tayala limene likugudubuzika limakhota mosakakamira. Crawler imayenda monyang'wa ngati bilimankhwe, ndipo kawirikawiri imayenera kukhota tayala litapanikizika pakati pa miyala iwiri, kulemera konse kwa kagalimoto kutatsamira pomwepo. N'chifukwa chake servo ndiyo imayamba kulefuka, ndiponso ndiyo eni ake amayamba kusintha.

Kuno kuchigwa kulakwitsa posankha kumapweteka kawiri. Zipangizo za tigalimoto timeneti simungayembekezere kuzipeza pa Dyeratu, pa Nchalo kapena pa Bangula. Mumachita kuitanitsa ku China kudzera pa intaneti kapena kutuma m'bale amene ali ku Johannesburg, n'kudikira masabata angapo, n'kulipiranso msonkho katunduyo akafika. Servo ikabwera yosagwirizana ndi kagalimoto kanu, palibe kumene mungakaibweze. Ntchito yaikulu, tsono, ndi ya kuyeza ndi kuwerenga ndalama zisanatuluke m'thumba.

Yambani ndi kutsimikiza kuti wolakwa ndi servo. Masulani ndodo ya chiwongolero pa kamkono, nyamulani kagalimoto m'mwamba, ndipo mukhotetse matayala akutsogolo ndi dzanja. Ayenera kupita uku ndi uku mosalimba. Amene amaseweretsa tigalimoto tawo mumchenga wa mtsinje wa Mwanza m'chilimwe akudziwa kuti mchenga wosalala umalowa m'mfundo zonse za chiwongolero ndi m'maberingi, ndipo dothi la makande la ku Ngabu likaumira m'menemo limagwira ngati simenti. Ngati dzanja lanu likumva kulimba, tsukani ndi kuthira mafuta kaye, pakuti servo yatsopano idzalimbana ndi chopinga chomwecho mpaka nayonso itatopa.

Zonse zikakhala kuti zikuyenda bwino koma matayala akukanabe kukhota pamwala, tengani rula muyeze servo yakale. Tigalimoto ta sikelo ya 1/10, kutanthauza tochepa ka 10 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, monga Traxxas TRX-4, Axial SCX10 ndi Element Enduro, timagwiritsa ntchito servo ya msinkhu wamba, ya mamilimita pafupifupi 40 m'litali ndi 20 m'lifupi. Chimene chimasiyana ndi kutalika kwake kuchoka pansi kufika pamwamba, ndipo servo yaitali ikhoza kumagunda pa chasisi kapena pa ekiselo kagalimoto kakamatsika pamwala. Tating'ono ta 1/24, monga Axial SCX24, timafuna servo yaing'ono kwambiri, kotero manambala a mphamvu amene nditchule apa satikhudza.

Nambala imene ogulitsa amailemba ndi zilembo zikuluzikulu ndi ya mphamvu yopotokola, imene amaiyeza mu kg-cm kapena mu oz-in. Kg-cm imodzi ndi pafupifupi oz-in 14, choncho mukaona oz-in mungogawa ndi 14. Servo yolembedwa 25 kg-cm ingathe kugwira makilogalamu 25, theka la thumba la chimanga, pa mtunda wa sentimita imodzi kuchoka pakati pa shafuti yake, kachitsulo kozungulira kamene kamkono kamavekedwapo. Koma ndodo ya chiwongolero simangidwa pa sentimita imodzi. Ikamangidwa pa bowo limene lili pa masentimita 2, mphamvu yokankha ndodoyo ndi makilogalamu 12.5, ndipo pa masentimita 2.5 imatsika kufika pa makilogalamu 10 okha. Kamkono kakatali kamakhotetsa matayala kwambiri, koma kamatero podya mphamvu imene mwagula. Kuti muone poyambira, TRX-4, imene inatuluka mu 2017, imabwera ndi servo ya 2075X ya 125 oz-in, ndiye kuti 9 kg-cm, ndipo kampani yomweyo imagulitsa ina ya 2255 ya 400 oz-in, pafupifupi 29 kg-cm, kwa ofuna kusintha. M'kuona kwanga, kagalimoto ka 1/10 ka mawilo a mainchesi 1.9 kamene simunakawonjezere zolemera kamakhutira ndi 20 mpaka 25 kg-cm. Ngati mwamanga zitsulo za brass kutsogolo ndi matayala ofewa ogwira kwambiri, yang'anani 30 mpaka 35. Kupitirira pamenepo, chimene chimayamba kuthyoka ndi mapulasitiki a chiwongolero.

Za liwiro musatayepo nthawi. Amalilemba m'masekondi amene kamkono kamatenga kuti kazungulire madigiri 60, ndipo chilichonse cha pakati pa 0.12 ndi 0.18 n'chokwanira kwa kagalimoto koyenda ngati kakusankha popondera.

Tsopano tifike pamene ambiri timagwera, ine ndemwe m'gulu lomwelo. Ndinaitanitsa servo yolembedwa 35 kg-cm, ndinaimanga Loweruka lina m'mawa, n'kupita nayo pa miyala ya m'munsi mwa mapiri a Thabwa, pamene msewu wa M1 wochokera ku Blantyre umatsikira m'chigwa. Tayala lakumanzere litangolowa mumng'alu, ndinapotokola chiwongolero cha pa remoti. Nyali zakutsogolo zinaphethira, kagalimoto kanazima kwa kamphindi, kenaka kanadzukanso ngati palibe chachitika, ndipo ndinati ndikabwereza, nakonso n'kubwereza. Sabata yathunthu ndinali wokwiya ndi wogulitsa. Anandimasula ndi mnyamata wina wokonza mafoni ndi mawailesi pamsika, amene anagunditsa mita yake pa waya wofiira ndi wakuda wa pa risiva, kabokosi kolandira malamulo kuchokera ku remoti, n'kundiuza kuti ndipanikize tayala pakhoma ndikukhotetsa. Nambala inagwa kuchoka pa 6V n'kutsika pansi pa 4V ife tikuona. Servo inalibe mlandu; inali ndi njala.

Chimene chimachitika ndi ichi. Batire ya LiPo ya maselo awiri imapereka 7.4V, ndipo ikadzaza imafika 8.4V, ya maselo atatu imapereka 11.1V, ikadzaza 12.6V. Magetsi amenewa amalowa mu ESC, kabokosi kamene kamalamulira mota yoyendetsa kagalimoto, ndipo m'kati mwa ESC muli kagawo kotchedwa BEC kamene kamawatsitsa, kawirikawiri kufika pa 5V kapena 6V, kuti adyetse risiva ndi servo. BEC ili ndi malire a ma amp amene ingapereke. Servo yamphamvu ikapanikizika imatha kukoka 3A, zina mpaka 5A kapena kuposerapo, ndipo BEC ikalephera, magetsi amagwa, risiva n'kuzima. Motero musanasankhe servo, werengani kabuku ka ESC yanu mudziwe ma volt ndi ma amp a BEC yake. Kenaka mubwerere pa tebulo la manambala a servo imene mukuifuna, muwerenge mzere wa ma volt amene inu muli nawo. Nambala yaikulu ya pabokosi nthawi zambiri ndi ya pa 7.4V kapena 8.4V, ndipo pa 6V servo yomweyo imapereka yocheperapo.

BEC ikakhala yofooka muli ndi njira zitatu. Mungasinthe ESC yonse. Hobbywing QuicRun 1080 ya mtundu woyamba, mwachitsanzo, ili ndi BEC ya 3A imene mungaiike pa 6V kapena pa 7.4V. Mungagule BEC yapadera, monga ya Castle Creations imene imafika 10A pa kanthawi kochepa, n'kuiwotcherera pa mawaya ochokera ku batire. Mukatero, kusolola waya wofiira wapakati pa pulagi yochoka ku ESC kupita ku risiva ndi lamulo: usololeni ndi singano, muupinde n'kuukulunga ndi tepi yakuda ya magetsi, kuti BEC ziwiri zisamathire magetsi pa waya umodzi. Musaudule, chifukwa tsiku lina mudzaufuna. Njira yachitatu ndi servo imene imatenga magetsi mwachindunji ku batire kudzera pa waya wakewake, n'kumangolandira malamulo kuchokera ku risiva, koma imeneyi ndi yokwera mtengo. Kwa munthu amene ndalama zake n'zowerengeka, langizo langa n'lakuti servo ya 25 kg-cm yodyetsedwa bwino ndi BEC yapadera imaposa ya 35 kg-cm yanjala. Samalaninso mukamakweza magetsi kufika pa 7.4V: servo iyenera kukhala yolembedwa HV, kutanthauza yopirira magetsi okwera, ndipo chilichonse cholumikizidwa pa risiva chidzalandira magetsi omwewo, kuphatikizapo nyali ndi tiservo tating'ono tosinthira magiya kapena tokiyira madifu, timene kawirikawiri tinapangidwira 6V.

Chotsatira ndi thupi la servo, ndipo apa chigwa chathu chili ndi zofuna zake. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha ku Ngabu ndi ku Nsanje kumafika madigiri 40 n'kupitirira, ndipo mwala umene wakhala padzuwa kuyambira m'mawa sumapondeka ndi phazi losavala. Servo imene ikugwira tayala pamwala wotero imadziwotcha yokha m'kati pamene mpweya wakunja sukuithandiza kuzizira. Sankhani imene gawo lake lapakati ndi la aluminiyamu, chifukwa chitsulo chimenecho chimatulutsa kutentha kwa mota kunja. Pa mota, zotsika mtengo zimakhala ndi mota wamba, zapakati ndi coreless, ndipo zapamwamba ndi brushless, imene ilibe timakala tokhulana, kotero sitentha msanga ndipo imakhalitsa. Magiya akhale achitsulo cholimba cha steel. Mawu akuti metal gear pawokha angatanthauzenso brass kapena aluminiyamu, zimene zimadyeka msanga. Pa za madzi ndi fumbi, funani chizindikiro cha IP67: nambala 6 ikutanthauza kuti fumbi sililowa, ndipo 7 ikutanthauza kuti ingapirire kumira m'madzi a mita imodzi kwa mphindi 30. Anthu amachiganizira m'dzinja mokha, koma kwa ife nambala 6 ndiyo imagwira ntchito miyezi yambiri ya chaka.

Pali msampha wina waung'ono pa servo zotsika mtengo za mtundu wa DS3218, DS3225 ndi DS3235, zimene zadzaza m'masitolo a pa intaneti. Zimagulitsidwa za madigiri 180 ndi za madigiri 270, ndipo pa chithunzi sizisiyana. Ya chiwongolero ndi ya 180. Inayo ndi ya opanga maloboti.

Musanatseke oda, werengani mano a pa shafuti. Servo za Futaba, Savöx ndi Traxxas zili ndi mano 25, zambiri za Hitec zili ndi 24, pamene za Sanwa ndi JR zili ndi 23. Kamkono ka mano 24 kamaoneka ngati kalowa pa shafuti ya mano 25 mukakakakamiza, koma kadzadyeka pa mwala woyamba. Itanitsani kamkono ka aluminiyamu ka mano ofanana ndi servo yanu m'phukusi lomwelo, makamaka kokhala ndi timabawuti tam'mbali tofinya shafuti, ndipo kutalika kwake kufanane ndi kakale. Kamkono ka pulasitiki pa servo ya 30 kg-cm ndi kungotaya masabata ena odikira.

Phukusi likafika, musathamangire kumanga kamkono. Ikani servo pamalo pake, mulumikize pulagi yake pa tchanelo choyamba cha risiva, waya wakuda kapena wakhofi ukhale mbali ya chizindikiro chochotsera. Yatsani remoti poyamba, mubweze pa ziro trim ya chiwongolero, kabatani kowongolera matayala kuti aloze kutsogolo, kenaka muyatse kagalimoto. Servo idzadziika yokha pakati, ndipo ndi pamenepo pamene muyenera kuvekapo kamkono, matayala ataloza kutsogolo. Dontho limodzi la guluu wa mabawuti wotchedwa thread lock, wa buluu, pa kabawuti kolowa m'chitsulo limateteza kuti kasamasuke, koma lisakhudze pulasitiki. Matayala akamakhotera kumanzere inu mukupotokolera kumanja, sinthani ndi batani la reverse pa remoti, osati pa mawaya.

Chomaliza kuchita ndi kuika malire a kukhota, amene pa remoti zambiri amalembedwa EPA. Atsitseni kufika pa theka mbali zonse ziwiri, mukhotetsere kumanzere mpaka mapeto, n'kumakweza pang'onopang'ono kufikira chiwongolero chitagunda poimira pake, kenaka mubwerere m'mbuyo pang'ono. Chitaninso chimodzimodzi kumanja, pakuti mbali ziwirizi kawirikawiri sizifanana. Muyese kagalimoto kali pansi, kenaka mukanikize kutsogolo kwake ndi dzanja, chifukwa pa tigalimoto timene servo yake ili pa chasisi, malire amasuntha masipuling'i akafinyika. Servo ya digito imalira pang'ono ikamagwira katundu, koma ikamalira mosalekeza ngati njuchi ili pamapeto a kukhota matayala ali m'mwamba, dziwani kuti ikukankha khoma ndipo ikudziwotcha.

Mukatha zimenezi, pitani pamiyala m'mawa dzuwa lisanakwere, muyendetse kwa mphindi 10, ndipo muike chala pa thupi la servo. Likakhala lofunda chabe, pitirizani. Likatentha moti chala sichikukhalapo, zimitsani kagalimoto, mukaike pamthunzi, ndipo mubwererenso ku malire a EPA ndi ku mfundo za chiwongolero musanakayatsenso.