Mmene mungatsatire nkhondo ya zombo za matanga m'mabuku a nthano

Ambiri amasiya mabukuwa pamutu wachitatu, atatopa ndi mayina a zingwe ndi matanga. Musaloweze zimenezo. Chofunika kwambiri ndi mphepo.

Nkhondo ikamayandikira, tengani pepala. Jambulani muvi wosonyeza kumene mphepo ikuchokera, kenako timadontho ta zombo ziwirizo. Chombo cha matanga opingasa sichikanatha kulunjika kumene mphepo ikuchokera. Chinkapatuka ndi madigiri pafupifupi 67, n'kumayenda mokhotakhota. Choncho kaputeni amene ali kumbali yochokera mphepo ndiye amasankha nthawi yoyamba kumenyana. Koma mphepo ikakula chombo chake chimapendekera kwa mdani, ndipo mazenera a mizinga ya m'munsi akatsegulidwa amalowetsa madzi. Wolemba wodziwa ntchito amakuonetsani zimenezi. Amene zombo zake zimangotembenuka paliponse ngati galimoto, musamukhulupirire.

Mizinga inkayalidwa m'mbali, n'chifukwa chake aliyense amalimbira kudutsa kumbuyo kwa mnzake: chipolopolo chimaboola mazenera a chipinda cha kaputeni n'kusesa chombo chonse mpaka kutsogolo.

Werenganinso mizinga. Frigate (chombo chankhondo chocheperapo koma chothamanga) yamizinga 36 siyembekeza chombo chamizinga 74, imathawa, ndipo si mantha. HMS Victory, chombo cha Nelson, mtsogoleri wa zombo zankhondo za Britain, chinali ndi mizinga 104 pa nkhondo ya Trafalgar mu 1805.

Nthawi imamveka ndi belu. Nthawi zambiri amalinyero ankasinthana maola anayi aliwonse, belu likulira pa theka la ola lililonse, kuwonjezera kamodzikamodzi. Likalira kasanu ndi katatu, gulu lina likulowa ntchito.