Mwasintha ekizozi, check engine yayaka: yambirani apa

Mlamu wanga anasinthitsa ekizozi ya Allion yake kuti izilira ngati yampikisano akamadutsa pa Kapata. Anachoka kwa wowotcherera akumwetulira, koma mawa lake ali pa Great East Road kulowera ku Katete, kanyali kachikasu kooneka ngati injini kanayaka pa dashibodi. Mnzake anamuuza kuti achotse waya wa batire kwa kanthawi. Kanazimadi, kenako nkuyakanso. Pomwe ankandiimbira foni anali atagula kale selotepi yakuda yoti amatepo.

Musanafike pa selotepi, dziwani chimene nyaliyo ikudandaula. Galimoto zambiri za petulo zochokera ku Japan zili ndi masensa awiri a okosijeni pa ekizozi. Yoyamba imakhala pafupi ndi injini, utsi usanalowe mu catalytic converter (chida choyeretsa utsi), ndipo ndi imene imauza kompyuta ya galimoto kuti iwonjezere kapena ichepetse mafuta. Yachiwiri imakhala kumbuyo kwa converter, ntchito yake ndi kuona ngati utsi wayeretsedwadi. Choncho funso lalikulu ndi malo amene wowotcherera anadula. Ngati anangosintha sailensa yakumapeto, kumbuyo kwa sensa yachiwiri, nyali siyenera kuyaka, ndipo ikayaka ndiye kuti pali china chimene chinasokonezedwa pogwira ntchitoyo.

Choyamba yang'anani mayakidwe ake. Ngati yangoyaka osathima, injini ikumveka bwinobwino, mukhoza kufika kunyumba kapena ku galaja. Ngati ikuphethira, injini nkumanjenjemera, imani. Kuphethirako kumatanthauza kuti silinda ina siikuwotcha mafuta, ndipo petulo wosapsa akukapsera mu converter, yomwe ikhoza kusungunuka mkati.

Chachiwiri, werengani khodi, nambala yosonyeza vuto imene kompyuta imasunga, musanafufute chilichonse. Kuchotsa batire kuja, pa galimoto zambiri, kumafufuta khodi pamodzi ndi zimene kompyuta inasunga za nthawi imene vuto linachitika, ndiye makaniko amayamba ntchito ali mumdima. Pansi pa chiwongolero, chakumawondo kwa woyendetsa, pali soketi ya mabowo 16 yotchedwa OBD2. Amagetsi a galimoto ambiri ali ndi makina olumikiza pamenepo, kapena mungagwiritse ntchito kachipangizo ka ELM327 kamene kamalankhula ndi foni kudzera pa Bluetooth. Galimoto zina zakale zimene zinapangidwira msika wa ku Japan sizigwirizana ndi tizipangizo totchipati, ndiye kakakana musafulumire kuganiza kuti kompyuta yafa. Khodi mukaipeza ijambuleni pa foni. Makaniko amene akuti "bwana, tangozimitsa, ili bwino" osakuuzani nambala yake, wakudyerani ndalama.

Tsopano nambalazo. P0135 ikunena za kachotenthetsera ka mu sensa yoyamba, P0141 za ka mu sensa yachiwiri. Zimenezi zikabwera ekizozi itangosinthidwa, kawirikawiri sensayo imakhala ilibe mlandu: pulagi ya waya wake sanaibwezere bwino, waya waduka kapena fyuzi yapsa. P0171 ikuti injini ikuoneka kuti ikulandira mpweya wambiri poyerekeza ndi mafuta amene ikulandira. P0420 ikuti converter siikuyeretsa utsi mokwanira, ndipo pa injini ya V6 ngati ya Mark X mukhoza kuonanso P0430, imene ndi nkhani yomweyo koma ya mbali inayo. P0300 mpaka P0304 ndi za masilinda osawotcha bwino, zija zophethiritsa nyali.

Chachitatu, lowani pansi. Dikirani ekizozi izizire, ndipo galimoto ikhale pa dzenje la galaja kapena pa zochirikiza zolimba, osati pa jeke yokha. Tsatirani waya wa sensa iliyonse ndi chala kuchokera pa paipi mpaka pa pulagi yake. Paipi yatsopano nthawi zambiri sidutsa ndendende pamene pankadutsa yakale, ndiye waya amakhala wokokeka kapena wogunda chitsulo chamoto. Apa ndi pamene tinapeza vuto la mlamu wanga. Khodi inali P0141, ndipo waya wa sensa yakumbuyo anali atagona pa paipi, chikutiro chake chitasungunuka ngati phula, timawaya tamkati tikuonekera. Onaninso ngati sensa inamangidwa molimba. Zambiri zimafuna sipanala ya 22 mm. Ena pozimasula amazipotokola waya akadali wolumikizidwa, timawaya nkudukira mkati osaoneka.

Chachinayi, funafunani pamene pakutuluka utsi. Yang'anani mwaye wakuda pa mfundo zowotcherera ndi polumikizira mapaipi. Lizani injini ikadali yozizira, muli panja pamene pakupita mphepo, wina atseke kumapeto kwa paipi ndi sanza kwa masekondi ochepa, inu muzimvetsera kuti "tsss" akuchokera pati. Madzi a sopo opakidwa pa mfundo paipi isanatenthe amachita thovu pomwe pali bowo. Anthu ambiri amaganiza kuti bowo limangotulutsa utsi, koma limayamwanso mpweya wakunja. Likakhala kutsogolo kwa sensa yoyamba, sensayo imaona okosijeni wochuluka, kompyuta nkumathira petulo wowonjezera amene injini sinamufune, ndipo mumadabwa kuti mafuta amene ankakufikitsani ku Mwami ndi kubwerako tsopano akuthera panjira. Gasiketi yakale imene anaibwezera m'malo mogula yatsopano ndiyo imakonda kuchita zimenezi, ndipo mabampu a misewu yafumbi amangomalizitsa.

Ngati mawaya ali bwino ndipo palibe bowo, bwererani pa makina aja muone zimene masensa akuwerenga injini itatentha. Sensa wamba imasewera pakati pa 0.1 ndi 0.9 voti. Yakutsogolo iyenera kukwera ndi kutsika mofulumira, yakumbuyo iyenera kudekha. Yakumbuyo ikamatsanzira yakutsogolo, converter yatha mphamvu kapena mulibemo. Ma Toyota ambiri ali ndi sensa yakutsogolo yamtundu wina imene imaonetsa pafupifupi 3.3 voti osasunthasuntha, ndiye musaigulire ina poganiza kuti yafa. Onaninso mzere wolembedwa long term fuel trim, wosonyeza kuchuluka kwa mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa: ikapitirira 10 peresenti, kompyuta ikulimbana ndi chinachake.

Nkhani ya P0420 ndi imene imafuna chilungamo. Funsani wowotcherera mosapita m'mbali kuti, "Kodi converter ija ilipo?" Mkati mwake muli tizitsulo tamtengo wapatali, platinum, palladium ndi rhodium, nchifukwa chake ili ndi ogula. Ena amaichotsa mutagwirizana kuti galimoto izilira kwambiri, ena amaikolopola mkati nkubwezera chigoba chokhachokha. Mukaigogoda itazizira nkumalira ngati chitini chopanda kanthu, mwadziwa. Ikakhala kulibe, kusintha masensa kapena mapulagi sikungazimitse nyaliyo. Ena amaika kachitsulo kotalikitsa sensa yakumbuyo kuti isamamve utsi bwino, ena amasinthitsa pulogalamu ya kompyuta. Ine sindivomereza, chifukwa utsi woipa ukutulukabe, ndipo wokwera njinga amene ali kumbuyo kwanu mu tawuni ndiye akuupuma. Njira yoongoka ndi kubwezera converter yoyenera injini yanu. Nchifukwa chake posinthitsa ekizozi muzitenga zitsulo zanu zakale kupita nazo kunyumba.

Mukakonza, ndiye mufufute khodi ndi makina, kenako muyendetse galimoto mosakaniza: mu tawuni moimaima, komanso pamsewu waukulu pa liwiro losasintha kwa mphindi zingapo. Mavuto ena kompyuta imawaona kawiri, pa maulendo awiri osiyana, isanayatse nyali, ndiye musasangalale mutangotuluka pageti la galaja. Perekani masiku angapo.

Mlamu wanga tinamulumikizira waya uja, tinamukutira ndi chotchinga kutentha, nkumumangirira kutali ndi paipi. Selotepi ija inagwira ntchito pokulunga polumikizirapo. Ngati mudzabwererenso kukawotcheretsa, uzani wowotcherera achotse waya wa negetivu pa batire asanayatse makina ake, ndipo mawaya a masensa awasunthe inu mukuona.