Momwe mungasemere chithunzi chodinda cha munthu wooneka kuti akuyenda

Mu 1925, Iain Macnab anatsegula sukulu ya zojambulajambula ya Grosvenor School of Modern Art mumzinda wa London. Kumeneko Claude Flight ankaphunzitsa kusema zithunzi pa lino, chija chofewa choyala pansi m'nyumba, kenako n'kuzidinda papepala. Ophunzira ake monga Sybil Andrews, Cyril Power ndi Lill Tschudi anatchuka ndi zithunzi za anthu ali pa liwiro. Luso lawo mungathe kuliyesa pakhonde panu, chifukwa Flight ankadinda ndi manja, popanda makina.

Choyamba, sankhani ntchito imene thupi limaibwerezabwereza: amayi akusinja, wakabaza akukwera mtunda, asodzi akukoka khoka. Khalani pansi muwaonerere, ndipo mujambule mwachangu ndi pensulo maulendo ambiri. Musavutike ndi nkhope. Funani mzere umodzi wochokera kumutu, kudutsa pamsana, kukathera kuchidendene. Mzerewo ukaima chilili, munthu wanu waima. Ukapindika kapena kupendekeka, wayamba kuyenda.

Chachiwiri ndiye pagona nkhani. Mzere mwaupezawo ubwerezeni. Pa chithunzi cha Speedway cha mu 1934, Andrews anaika okwera njinga zamoto atatu ofanana, opendekera mbali imodzi, nkhope zobisika, moti diso limatsetsereka kuchoka kwa woyamba kufika kwa wachitatu. Power nayenso, pa The Eight cha mu 1930, anajambula opalasa bwato monga oonedwa kuchokera pamwamba, misana ndi nkhafi zonse zikutsata kupindika kumodzi. Inunso ngati mwasankha osinja, mtondo, misi, mikono ngakhale mtengo wa kumbuyo zimvere mzere womwewo. Zala, mabatani ndi maluwa a pachitenje zisiyeni. Oyamba kumene amazikonda kwambiri, koma n'zimene zimaimitsa chithunzi.

Kenako kopererani chojambulacho pa lino. Kumbukirani kuti podinda chimatuluka chotembenuka, wa dzanja lamanja amasanduka wamanzere.

Musanaseme, yanikani lino padzuwa kwa kanthawi kuti lifewe. Ngati mulibe tizitsulo tosemera, kachitsulo kangalande ka ambulera yakutha kamagwira ntchito mukakanola, ndipo Flight mwini ankalimbikitsa zida zoterezi. Semani motalikitsa chitsulo ku dzanja logwirira lino. Pamene mwasema padzatsala poyera, pamene mwasiya ndi pomwe padzagwire inki. Posema malo ozungulira munthuyo, tsatani komwe akulowera, chifukwa timizere totsalira timaoneka podinda ndipo timawonjezera liwiro.

Pa mitundu, a ku Grosvenor ankasema lino lakelake pa mtundu uliwonse, nthawi zambiri atatu kapena anayi, ndipo pamene mitundu iwiri yasanjikizana pankatuluka wina watsopano. Inu yambani ndi iwiri. Dulani malino onse mofanana kukula kwake ndipo ikani zizindikiro pamakona kuti pepala lizigona pamalo amodzimodzi.

Pomaliza, pakani inki yochepa mosalala, yalani pepala lopyapyala, n'kutikita kumbuyo kwake ndi msana wa supuni. Yambani ndi mtundu wowala, wakuda ubwere pambuyo woyambawo utauma. Tukulani kona imodzi muone ngati inki yagwira musanachotse pepala lonse. Pamene mukufuna mtundu wamphamvu, monga pamsana wa wosinjayo, tikitani kwambiri. Pamalo ozungulira munthuyo tikitani mopepuka.