Fungo la ndimu linathawira pakuyanika

Ndimalima chamba cha mtundu wa Super Lemon Haze, ndipo chilolezo chake ndili nacho. Chili m'munda, ukangokhudza duwa, zala zimanunkhira ngati wakanda khungu la ndimu. Koma zokolola zanga zoyamba zitauma zinkangomveka ngati udzu wofolera nyumba. Ndinayamba kuloza chala mbewu, chonsecho wolakwa ndinali ine.

Fungo la ndimu lija limachokera ku limonene, mafuta omwenso amapezeka m'makoko a ndimu ndi malalanje. Mafutawa sachedwa kuuluka pakatentha. Ine ndinkayanika maluwa pafupi ndi zenera, dzuwa likuwomba, fani ikupemerera pomwepo, ndipo pa masiku 4 okha anali atauma gwa. Kunja kouma, m'kati mukadali chinyezi.

Ulendo wachiwiri ndinapachika nthambi chozondoka m'chipinda chamdima, chozizira pafupifupi madigiri 18, chinyezi cha mumpweya chili pa 60 peresenti, fani ikuloza kukhoma. Ndinadikira masiku 12, mpaka kanthambi kakang'ono katayamba kuthyoka m'malo mopindika. Kenako ndinaika maluwawo m'mabotolo agalasi osadzaza, n'kumatsegula tsiku lililonse kwa mphindi zingapo. Botolo limodzi linayamba fungo ngati la mkodzo, chizindikiro choti munali chinyezi chambiri, ndiye ndinakhuthula n'kuyanikanso usiku umodzi.

Pofika sabata yachitatu ndimu uja anabwerera. Fungo lokomalo lisakupusitseni, mtunduwu uli ndi THC wochuluka, mankhwala a m'chamba amene amaledzeretsa. Umachangamutsa, koma nditapyola muyezo mtima unkathamanga ndipo tulo sitinabwere mpaka mbandakucha.