Bondo linakoka msana: mmene mungapemphere chipukuta misozi ku VA

Bondo lakumanzere ndinalivulaza ndili m'gulu lankhondo la America. Nditavula yunifomu, a VA, dipatimenti ya boma yoona za asilikali opuma, anavomera kuti ndinavulala pa ntchito ndipo anayamba kundipatsa kangachepe mwezi ndi mwezi. Patapita zaka zinayi ndikuyenda motsimphina, msana unayamba kuwawa moti nsapato ankandimanga ndi mayi a kunyumba. Ine ndinkangoti ndi ukalamba. Amene ananditsegula maso ndi mnzanga amene tinali naye ku usilikali: vuto lobadwa kuchokera ku chilonda chimene a VA anachivomera kale nalonso amalipira. Lamulo lake ndi 38 CFR 3.310, ndipo limakhudzanso matenda amene munali nawo kale koma akula chifukwa cha chilondacho.

Si msana wokha ayi. Bondo linalo limatha chifukwa chosenza thupi lokha, ibuprofen womwa zaka zambiri amabweretsa zilonda za m'mimba, ndipo ululu wosatha umadwalitsa maganizo.

Musanafufuze pepala lina lililonse, tumizani fomu 21-0966, ya Intent to File, yodziwitsa a VA kuti mukufuna kupempha chipukuta misozi. Imakusungirani tsiku kwa chaka chimodzi, ndipo akadzavomera, ndalama amawerengera kuchokera pamenepo.

Kenako pitani kwa dokotala akalembe dzina la matendawo, ndi zithunzi za X-ray kapena MRI ngati zikufunika. Kungodandaula pakamwa sikulemera ngati zimene zili m'faelo.

Pamene pagona nkhani ndi pa kalata ya dokotala yolumikiza mavuto awiriwo, imene anzathu amaitcha nexus. Dokotala wanga poyamba analemba kuti bondo "mwina" ndi limene linayambitsa msana. Mwina sagula kanthu. Mawu amene amafunika ndi akuti "at least as likely as not", kutanthauza kuti mwayi woti bondo ndilo gwero ndi theka kapena kuposa. Alembenso chifukwa chake: kuti wawerenga faelo yanu, kuti kutsimphina kwapendeketsa chiuno, msana n'kumasenza katundu mbali imodzi. Ndinabwerera kwa dokotalayo mwaulemu, faelo m'manja, ndipo anailembanso. Mayi a kunyumba nawo analemba umboni wawo pa fomu 21-10210, nkhani ya nsapato ija ndi usiku umene ndimagona pansi. Zonsezi zinapita limodzi ndi fomu 21-526EZ, yopemphera chipukuta misozicho, pomwe ndinalemba momveka kuti msanawu ndi wochokera ku bondo.

Akakuitanani kokakuyezani, kumene amati C&P, musajombe. Ndipo apa ndikuchenjezeni inu a kwathu. Tinaleredwa kuti akatifunsa kuti muli bwanji, timayankha kuti tili bwino ngakhale tili gone pa mphasa. Ine ndinayankha choncho, woyezayo n'kulemba. Atandiuza kuti ndiwerame, ndinaluma mano mpaka zala zinatsala pang'ono kufika pansi, iye akuyeza ndi kachipangizo koonera mmene msana ukupindikira. Ndinadzidyera ndekha, moti zinatengera umboni wina kuti ndikonze. Muzinena pomwe ululu wayambira, osapitirira mwaukatswiri. Fotokozaninso za masiku oipa: amabwera kangati pa mwezi, ndipo mumalephera kuchita chiyani. Osanama, komanso osabisa.

A VA amaika maperesenti pa vuto lililonse malinga ndi kukula kwake, ndipo ndalama zimatsatira maperesentiwo. Masamu awo asakudzidzimutseni. Bondo likakhala 30 peresenti, msana 20, sizikwana 50. Amatenga 20 peresenti ya 70 yotsalayo, yomwe ndi 14, n'kuphatikiza kukhala 44, kenako amaitsitsira pa 40.

Akakukanani, werengani chifukwa chimene alemba m'kalatamo. Ngati mwapeza umboni watsopano, tumizani fomu 20-0995. Ngati mukuona kuti analakwitsa poweruza, 20-0996 imapititsa faelo kwa wamkulu wina, koma siilandira umboni watsopano. Njira yachitatu ndi Board of Veterans' Appeals, bwalo la VA lomva ma apilo. Chitani izi chaka chisanathe, kuti tsiku lanu lija lisatayike.

Makampani ena pa intaneti amafuna gawo la ndalama zanu kuti akuthandizeni kulemba mafomu. Mabungwe a asilikali opuma a DAV, VFW ndi American Legion amachita ntchito yomweyo ulere. Ine anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wa limodzi mwa mabungwewa, amene anakhala nane maola awiri akusanthula faelo tsamba ndi tsamba, ndodo yake ataitsamiritsa pa tebulo.